Maseva awiri, adiresi ya MAC imodzi: zomwe zinachitika titasamutsira VSWITCH ku ETHERNET

Dandaulo loyamba silinatchule netiweki n'komwe. Anzathu oyang'anira nkhokwe ya deta anabwera kudzanena kuti ntchito yawo ya usiku yayamba kufera panjira. Usiku wina imatha bwinobwino, usiku wina imaima pakati n'kusiya uthenga woti kulumikizana kwaduka. Akaiyambitsanso m'mawa imayenda mpaka kumapeto. Seva yake inali Linux yokhala pansi pa z/VM, pulogalamu ya IBM yoyendetsa maseva ambiri pa makina amodzi a IBM Z, ndipo mkati mwake munalibe chokayikitsa: purosesa sinali yopanikizika, khadi la netiweki linali lodzuka, adiresi ya IP ili m'malo mwake, malogi a Linux ali zii.

Gwero la zonsezi linali mzere umodzi umene munalibe mu SYSTEM CONFIG, fayilo imene z/VM imawerenga ikamadzuka. Koma kuti tifike pa mzerewo tinadutsa njira yaitali, ndipo njirayo ndi imene ndikufuna anzanga osamalira z/VM muione, makamaka inu amene muli ndi makina oposa amodzi pa netiweki imodzi.

Mmene zinthu zinalili

Bungwelo linali ndi makina awiri, aliwonse ndi z/VM yakeyake mu LPAR yake, chigawo chodziimira pachokha cha makinawo. Pa nthawiyo awiriwa sanali mu SSI, njira yolumikiza ma z/VM angapo kukhala gulu limodzi, ndiye kuti sankadziwana. Z/VM iliyonse inali ndi VSWITCH, swichi ya mkati mwa z/VM, yotulukira kunja kudzera pa makhadi a netiweki a OSA-Express, ndipo zingwe za makina onse awiri zinkathera pa maswichi amodzimodzi, zitanyamula ma VLAN (zigawo za netiweki) amodzimodzi.

Kwa zaka zambiri ma VSWITCH onsewa ankayenda mu IP. Mu njira imeneyi seva ya Linux sionekera kunja ndi adiresi yake ya MAC, imene ndi adiresi ya khadi la netiweki. Khadi la OSA ndilo limasunga maadiresi a IP a maseva onse, limayankha ARP (funso loti IP yakuti ili pa MAC iti) m'malo mwawo, ndipo paketi iliyonse yotuluka imanyamula MAC ya khadilo. Swichi ya kunja imangoona khadi limodzi, ngakhale kumbuyo kwake kuli maseva ochuluka.

Kenako panadza chifukwa chomveka chosinthira. Tinkafuna kumanga makhadi angapo a OSA kukhala njira imodzi ya link aggregation, komanso panali maseva ofuna IPv6. Zonse ziwirizi zimafuna VSWITCH ya ETHERNET. Mu ETHERNET seva iliyonse imatuluka ndi MAC yakeyake, imadziyankhira ARP, ndipo swichi ya kunja imaiphunzira ngati kompyuta ina iliyonse. Makina oyamba anasamutsidwa, zonse zinayenda. Makina achiwiri anasamutsidwa patapita miyezi, ndipo tsiku la kusamutsalo zoyesa zonse zinadutsa. Madandaulo anayamba pambuyo pake, mochedwerako ndithu, moti palibe amene anawalumikiza msanga ndi ntchito ija.

Kumene tinayamba kufufuza

Tinayamba ndi zimene aliyense angayambe nazo. A netiweki anayang'ana ma port olowera ku OSA, sanapeze mapaketi owonongeka. Tinayerekeza MTU, malire a kukula kwa paketi, mbali zonse, inali yofanana. Tinasuntha VSWITCH kuchoka pa khadi lina kupita pa lina, vuto osachoka. Wina anaganiza za firewall imene imadula kulumikizana kokhalitsa chete, ndipo ganizoli linatigwira kwa kanthawi chifukwa linkafanana kwambiri ndi zimene tinkaona: ntchito ija inkatumiza pempho, n'kukhala duu kudikira yankho, ndipo pa kudikirapo ndi pamene inkafera. Koma nthawi yodukira sinali yofanana usiku uliwonse, pamene firewall ikamadula imadula pa nthawi yake yoikika.

Chinthu chimodzi chinatisocheretsa kuposa zonse. Munthu akalowa mu seva yodwalayo n'kuchita ping kupita kunja, zonse zinkayankha popanda kutaya paketi ngakhale imodzi. Ndiye lipoti linkabwera loti netiweki ili bwino. Tinadzazindikira pambuyo pake kuti ping yochokera mkatiyo ndi imene inkachiritsa vutolo pa mphindi imene ikuyenda. Ndifotokoza chifukwa chake posachedwa. Pano ndingoti, mukamafufuza kuduka kwa apo ndi apo, yesani kuchokera kunja, seva yokayikitsayo ili chete, ndipo musayese kuchokera ku seva ina ya pa VSWITCH yomweyo, chifukwa mapaketi a maseva awiri a pa VSWITCH imodzi ndi VLAN imodzi satuluka n'komwe m'makina.

Kenako makina achiwiri anachita IPL, kuyambitsanso z/VM yonse, pa nthawi yake yokonzera zinthu, ndipo chinachitika chinatidabwitsa. Seva ya nkhokwe ija inachira. M'malo mwake seva ina, ya gulu lina, yosakhudzana ndi yoyamba ija, inayamba kudwala matenda omwewo. Apa mpamene ndinasiya kuyang'ana mkati mwa Linux. Vuto limene limasamuka seva pa IPL liyenera kukhala pa chinthu chimene CP, mtima wa z/VM, imagawa mwatsopano pa IPL.

Mzere wa mu logi ya swichi

Amene anatsegula nkhaniyi ndi mayi wina wa gulu la netiweki, amene anakhala pansi n'kuwerenga malogi a maswichi a usiku mzere ndi mzere. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndi kudekha kwa mayiwa kumene kunatipulumutsa. Anapeza uthenga wobwerezabwereza woti adiresi ina ya MAC ikudumphadumpha pakati pa ma port awiri mu VLAN imodzi. Mauthengawa analipo kuyambira kale, koma gulu lawo linkawaona ngati phokoso chabe, chifukwa adiresiyo inkayamba ndi 02:00:00 ndipo akaifufuza pa mndandanda wa opanga zipangizo sinkatulutsa dzina la kampani iliyonse. Mayiwa anachita chimene ena sanachite: anatsata zingwe za ma port awiriwo. China chinkapita ku makina oyamba, china ku makina achiwiri. Anatumiza adiresiyo kwa ife n'kufunsa kuti, “Kodi iyi mukuidziwa?”

Tinalemba QUERY VMLAN pa z/VM yoyamba, inaonetsa prefix 020000. Pa yachiwiri, 020000. QUERY VSWITCH ndi DETAILS inaonetsa adiresi ija ili pa seva ya ntchito yeniyeni ku makina oyamba, komanso pa seva yotenga makope a deta ku makina achiwiri.

Kwa amene simunakhalepo pafupi ndi zimenezi, adiresi ya MAC ili ndi mabayiti 6. Pa khadi lenileni, mabayiti 3 oyamba ndi nambala imene bungwe la IEEE linapereka kwa kampani yopanga khadilo, ndipo kampaniyo ndiyo imaonetsetsa kuti 3 otsalawo sakubwerezedwa. Khadi la netiweki la seva ya pansi pa z/VM silinapangidwe ku fakitale iliyonse, choncho CP imalipangira adiresi. Mabayiti 3 oyamba imatenga pa MACPREFIX ya mu mzere wa VMLAN wa mu SYSTEM CONFIG, 3 otsala ndi MACID. MACPREFIX iyenera kuyamba ndi 02, kuchokera pa 020000 kufika pa 02FFFF. 02 ameneyu akutanthauza kuti adiresiyo ndi yogawidwa ndi eni malo. IEEE ilibe nayo ntchito. Mukapanda kulemba MACPREFIX, z/VM imatenga 020000. Mabuku a z/VM amanena poyera kuti makina aliwonse a pa LAN imodzi akhale ndi prefix yawoyawo, koma kwathu kunalibe amene anauona kufunika mzerewu pa zaka zonse za IP zija, poti maadiresiwo sankatuluka panja.

CP imasamala kwambiri kuti isapereke adiresi imodzi kawiri, koma imasamala mkati mwa nyumba yake mokha. Pansi pa prefix imodzi pali malo a maadiresi oposa 16 miliyoni, ndipo wina angaganize kuti mwayi wowombana ndi wochepa. Sizili choncho, chifukwa CP sisankha mwachisawawa. Imayamba pa manambala a m'munsi n'kumakwera pamene makhadi akupangidwa. Z/VM ziwiri za prefix imodzi zimayambira pamalo amodzi n'kumakwera makwerero amodzi. Kuwombana n'kosapeweka.

Titayika mindandanda ya makina awiriwa pambali pa inzake tinapeza kuti maadiresi obwerezedwa anali ambiri, ochuluka kuposa madandaulo amene tinalandira. Ambiri sankavulaza munthu chifukwa maseva ake anali pa ma VLAN osiyana, ndipo maswichi athu amasunga tebulo la MAC la VLAN iliyonse payokha. Vuto linkaphulika pokhapokha awiri a adiresi imodzi akakumana mu VLAN imodzi. Ndipo popeza MACID imadalira ndondomeko imene maseva alowera pa IPL, kusintha pang'ono kwa ndondomeko ya XAUTOLOG, lamulo lodzutsira maseva, kapena seva imodzi kuchedwa kudzuka, kunkakwanira kusintha amene awombane.

Tsopano za ping ija. Swichi imaphunzira kumene adiresi ili poyang'ana kumene paketi yachokera. Zili ngati anthu awiri a dzina limodzi m'chipinda chimodzi, ndipo wopereka makalata akupatsa kalata kwa amene walankhula komaliza. Seva ya makope ku makina achiwiri inkakhala chete masana, usiku n'kumalankhula mosalekeza. Seva ya nkhokwe inkatumiza pempho lake n'kukhala chete kudikira. Pa kudikirapo tebulo la swichi linkalozera ku makina achiwiri. Yankho likafika linkaperekedwa kwa seva ya makope, imene inkaona kuti adiresi ya IP si yake n'kulitaya mwakachetechete. Wotumiza ankabwereza, nalonso n'kupita kolakwika, mpaka TCP kutopa. Munthu akalowa n'kuyamba ping, seva yodwalayo inkalankhula sekondi iliyonse n'kumakokera tebulo kwa iyo. Masana, mnzake uja ali chete, inkakhala yokha pa adiresiyo, ndiye ntchito yobwerezedwa m'mawa inkatha bwino.

Zosankha zimene zinali patebulo

Mankhwala enieni anali odziwika kuyambira mphindi imeneyo: z/VM iliyonse ikhale ndi MACPREFIX yakeyake. Chovuta n'chakuti MACPREFIX sisinthika makina akuyenda. Imawerengedwa mu SYSTEM CONFIG pa IPL basi. Ndipo IPL ya z/VM ikutanthauza kuzimitsa maseva onse okhala pansi pake. Eni ntchito anali atangopereka nthawi yozimitsa posachedwapa, ndipo sanali okonzeka kupereka ina.

Ganizo loyamba linali lobwezera makina achiwiri ku IP. Likanathetsa vutolo, koma likanafuna kugwetsa VSWITCH, kusintha layer2 ya qeth (pulogalamu yoyendetsa khadi la netiweki) mu Linux iliyonse, ndi kutaya link aggregation imene tinasamukira. Ntchito yake inali yofanana kukula ndi IPL yomwe tinkaithawayo, n'kutisiya ndi msampha womwewo ukudikira tsiku lina.

Ganizo lachiwiri linachokera kwa oyang'anira Linux: alembe adiresi ina m'mafayilo a netiweki a seva iliyonse yowombana. Ili ndinalikana ndi mtima wonse, ndipo ndikanalikananso lero. Adiresi yolembedwa mkati mwa Linux simuipeza mu directory ya z/VM, fayilo yofotokoza seva iliyonse, ndipo imayenda ndi disiki. Tsiku limene wina adzakopere disikiyo kuti apange seva yatsopano, adiresi idzakopedwanso. Mumakhala mwachotsa vuto looneka n'kubzala losaoneka.

Tinasankha njira ya magawo awiri. Gawo loyamba linali lozimitsa moto: seva iliyonse ya makina achiwiri imene inali pa VLAN yopezekanso ku makina oyamba tinaipatsa MACID yokhazikika pa NICDEF yake, mzere wofotokoza khadi lake mu directory, kusankha manambala a m'mwamba kwambiri kumene CP ya mbali iliyonse sinkayandikira. Sitinachite okhawo amene ankawombana tsikulo, chifukwa tinali titaona kale kuti owombana amasintha. Apa pali kanthu kamene kamagwetsa ambiri. Kuyambitsanso Linux sikukwanira. Khadi limapangidwa pa LOGON, ndiye seva iyenera kutuluka ndi LOGOFF n'kulowanso kuti NICDEF yatsopano igwire. Tinapita seva imodzi imodzi, pogwirizana ndi eni ake, kuyamba ndi ya makope ija. Usiku wotsatira logi ya swichi inakhala bata pa adiresi imeneyo.

Mkangano unabuka pomwepo. Moto utazima, ena anaona kuti IPL siyofunikanso. Ndinawamvetsa, chifukwa iwo ndi amene amayankha kwa eni ntchito. Koma chimene tinali nacho chinali chigamba chodalira kuti munthu aliyense wopanga seva yatsopano ku makina achiwiri akumbukire kulemba MACID. Khadi limodzi lopangidwa ndi DEFINE NIC pa ntchito yofulumira likanabweza zonse. Chimene chinagamula mkanganowo ndi mindandanda iwiri ija. Titaionetsa kwa oyang'anira, ndi mizere yofiira pa adiresi iliyonse yobwerezedwa, anapereka tsiku.

Kugawa ma prefix

Tisanakhudze SYSTEM CONFIG tinakhala pansi ndi a netiweki kugawa manambala, ndipo ili ndilo gawo la ntchitoyi limene ndimaliona kuti ndi lofunika kwambiri. Pambuyo pa 02 pali mabayiti 2 oti musewere nawo. Tinagwirizana kuti yoyamba iziimira makina, yachiwiri iziimira LPAR. Choncho z/VM ya makina oyamba inakhala 020101, ya makina achiwiri 020201. Munthu wa netiweki akaona adiresi mu logi amadziwa khomo loti agogode popanda kufunsa aliyense.

Tinagwirizananso zinthu ziwiri zimene poyamba zinkaoneka zopitirira muyeso. Choyamba, 020000 isakhale ya munthu aliyense. Kunali kosavuta kusiya makina oyamba pa 020000 n'kusintha achiwiri okha, kupulumutsa IPL imodzi. Koma mukatero, z/VM iliyonse yatsopano imene wina adzaiwale kuipatsa prefix idzawombana ndi makina anu ofunika kwambiri. Mukaisiya yopanda mwini, 02:00:00 ikaoneka pa swichi imakhala belu lochenjeza. A netiweki anaika chenjezo pa maswichi awo la adiresi iliyonse yoyamba choncho. Chachiwiri, tinakumbukira kuti 02 si ya z/VM yokha. Pulogalamu ya Docker, mwachitsanzo, kwa zaka zambiri inkapanga maadiresi oyamba ndi 02:42. Tinafunsa magulu onse a maseva kuti ndi maadiresi ati ogawidwa ndi eni malo amene akugwiritsa ntchito, ndipo tinalemba zonse m'kaundula mmodzi, pamalo pomwe pamasungidwa maadiresi a IP. Kaundulayu tinamusiya m'manja mwa a netiweki dala, chifukwa iwo ndi amene amaona LAN yonse. Ife timangoona makina athu.

Panalinso funso la USERPREFIX. Iyi ndi prefix imene imagwira ntchito pa maadiresi amene MACID yake mwalemba nokha. Mukapanda kuitchula imafanana ndi MACPREFIX, ndipo zikatero mumafunika MACIDRANGE kuti mupatule chigawo cha manambala chimene CP siigwira. Ife tinaisiyanitsa ndi ma MACPREFIX onse n'kuika imodzi pa makina onse awiri. Chifukwa chake n'chakuti SSI inali kale m'mapulani, ndipo lamulo la SSI ndi loti MACPREFIX ikhale yosiyana pa membala aliyense, USERPREFIX ikhale imodzi pa onse. Sitinafune kudzasinthanso maadiresi kachiwiri.

Chosankhachi chinali ndi mtengo wake, ndipo tinaudziwa. Kufikira SSI itabwera, panalibe makina otiletsa kulemba MACID imodzi mbali zonse ziwiri. Tinatseka mpata umenewu pochotsa MACID pa adiresi ya IP ya sevayo: manambala 3 omaliza, kuwasandutsa hexadecimal. Seva ya 10.20.30.40 imakhala ndi MACID 141E28. Popeza maadiresi athu onse a maseva ali pansi pa 10, ndipo kaundula wa IP salola kubwereza, MACID nayonso singabwerezedwe. Kufooka kwa njirayi n'kwakuti seva ikasintha IP muyenera kusinthanso MACID, apo ayi wolandira IP yakaleyo adzawombana nayo. Tinalemba zimenezi mu ndondomeko yosinthira IP.

Kodi seva iliyonse ifunika MACID yokhazikika? Ine ndimati ayi. Prefix ikakhala yosiyana, CP imagawa bwino yokha. Tinapereka yokhazikika kwa okhawo amene china chake chimadalira adiresi yawo: amene ali ndi malo osungidwa mu DHCP, amene laisensi ya pulogalamu yawo inamangidwa pa MAC, ndi amene a chitetezo amawatsata ndi MAC.

Tsiku la IPL ndi zotsatira zake

SYSTEM CONFIG ili pa disiki ya CF0 ya PMAINT. Tinasunga kope lakale, kulemba mzere wa VMLAN, n'kuyesa fayilo ndi CPSYNTAX tisanazimitse kanthu. Tinayamba ndi makina achiwiri, oyamba n'kutsatira pa nthawi yawo. Tinauziratu aliyense kuti maadiresi onse asintha, kuphatikizapo a MACID za chigamba zija, popeza tsopano zikhala pansi pa USERPREFIX.

Maseva ambiri anadzuka popanda chovuta, chifukwa Linux ikamadzutsa khadi kapena kuyamba kulankhula, anzake amaphunzira adiresi yatsopano kudzera mu ARP. Koma chipangizo china chakale cha pakati pa netiweki chinagwiritsitsa maadiresi akale. Tebulo la MAC pa swichi kawirikawiri limaiwala pakatha masekondi 300, pamene ARP pa marauta ena imatha kukhala maola. A netiweki anali nafe usiku umenewo, ndipo anafufuta ARP ya ma VLAN okhudzidwa pamanja. Akanakhala kuti ali kunyumba, tikanataya nthawi yonse yotsala kufufuza chinthu chimene sitingachione kuchokera ku z/VM.

Pulogalamu imodzi inakana kudzuka chifukwa cha laisensi. Mwini wake sankadziwa kuti inamangidwa pa MAC, ndipo kwa nthawi yonseyi inkayenda mwamwayi, chifukwa seva yake inali m'gulu loyamba kulowa ndipo inkalandira nambala yomweyo pa IPL iliyonse. Anapempha kiyi yatsopano, ife n'kuipatsa MACID yokhazikika.

Chimene sindinkayembekeza chinatuluka titayerekeza tebulo la maswichi ndi kaundula watsopano. Panali adiresi imodzi yotuluka pa OSA yathu imene sinali pansi pa prefix yathu iliyonse. Inali ya seva imene zaka zapitazo wina anailembera MAC m'mafayilo a Linux. Titafufuza tinapeza kuti disiki yake inakopedwa kupanga seva yoyeserera ku makina ena aja, imene nthawi zambiri imakhala yozimitsa. Ikanadzuka mu VLAN yomweyo, nkhani yonse ikanayambiranso, ma prefix athu atsopano ali chilili. Ndi zomwe zija tinkaopa pokana ganizo lachiwiri, kungoti zinali zitachitika kale.

Izi zinatifikitsa pa MACPROTECT. Ikakhala ON, seva singagwiritse ntchito adiresi ina kupatula imene CP yaipatsa. Sitinaiyatse tsiku lomwelo, ndipo inunso musathamangire. Seva ya MAC yolembedwa mkati imataya netiweki chitetezochi chikagwira. Palinso maseva amene amafunikadi maadiresi owonjezera, monga ogawana adiresi ya VRRP (adiresi imodzi imene wina amaitenga mnzake akagwa), imene MAC yake imayamba ndi 00:00:5E. Tinayamba tachotsa maadiresi onse olembedwa mu Linux, kuphatikizapo mu disiki imene timakoperako maseva atsopano. Kenako tinayatsa MACPROTECT pa z/VM yonse, n'kumasula makhadi ochepa okhawo amene chifukwa chawo chinalembedwa m'kaundula.

Funso lomaliza linadza pokonzekera kuyesa malo opulumukira pa ngozi. Madisiki a makina oyamba amakopedwa ku malo ena, ndipo SYSTEM CONFIG imapita nawo. Z/VM yodzutsidwa kumeneko ikanakhala ndi 020101, pamene mwini wake wa 020101 akuyenda. Pa ngozi yeniyeni palibe vuto, poti mwiniyo amakhala atagwa. Pa kuyesa ndi pamene pali ngozi. Tinagwiritsa ntchito dzina la dongosolo mu SYSTEM CONFIG, limene limasankhidwa malinga ndi makina amene IPL yachitikirapo, kuti mzere wa VMLAN wa kumalo opulumukira ukhale ndi MACPREFIX yake. Koma maseva a MACID yokhazikika amanyamulabe adiresi yomweyo, monga amanyamuliranso IP yomweyo, choncho netiweki yoyeserera imadulidwa ku netiweki ya ntchito, ndipo a netiweki amasaina kuti aidula tisanadzutse seva iliyonse.

Patapita nthawi makina awiriwa analowa mu SSI, imene inabwera ndi z/VM 6.2 mu 2011 ndipo kuyambira pa 7.3 imalola mamembala mpaka 8. Mbali ya maadiresi sinafune kusintha kalikonse. Chinasintha ndi kawerengedwe ka prefix. Seva ikasamutsidwa ili moyo ndi VMRELOCATE imapita ndi MAC yake, ndiye adiresi ya 02:01:01 ikhoza kuonekera pa port ya makina achiwiri. Tinawafotokozera a netiweki kuti prefix tsopano ikunena kumene seva inalowera, ndipo kusuntha kamodzi kuchoka port ina kupita ina n'kwabwinobwino. Chodetsa nkhawa ndi kupita n'kubwerera mobwerezabwereza. SSI imateteza maadiresi pakati pa mamembala ake okha, choncho kaundula uja akugwirabe ntchito pa chilichonse cha kunja kwake.

Chenjezo la 02:00:00 linalira koyamba pamene gulu lina linakhazikitsa z/VM yatsopano mu LPAR yoyeserera n'kulumikiza VSWITCH yake ya ETHERNET. Popeza panalibenso seva ya ntchito pa prefix imeneyo, palibe chinaduka. A netiweki anaimba foni, LPAR ija inapatsidwa 020202 m'kaundula, ndipo eni ake anachita IPL masana omwewo, isanalandire seva ya munthu aliyense.